Achemwali Anasoka Tenti Yokwana Mmodzi

Achemwali anga aakulu anayamba kusoka ali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo palibe wina m'banja mwathu amene anagulapo singano. Ankagwira ntchito m'sitolo yosoka makatani, m'kachipinda ka kuseri kopanda zenera, konunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Akaweruka ankafikira pa makina ena, awoawo, amene ankakhala pakhonde la kuseri kwa nyumba yawo. Pambali pa makinawo panali dengu lalikulu, ndipo pansi pa dengulo sindinapaonepo. Aliyense wodzacheza ankabwera ndi kajumbo m'khwapa: buluku lofa zipi, yunifolomu yothina, malaya operepeseka m'khosi. Ankapereka moni, kufunsa za m'thupi, kumwa tiyi, ndipo potsanzika ankaponya kajumboko m'dengu ngati wangoiwala.

"Mukapeza kampata, Achemwali. Si zachangu ayi."

Mawa lake ankatumiza uthenga wofunsa ngati zatheka.

Ine zonsezi ndinkaziona. Kuona ndiye luso langa. Kwathu amanditcha Chetechete, ndipo ku ofesi kumene ndimataipa makalata ndimadziwa amene amatsuka makapu msonkhano ukatha, amene amathirira kaduwa ka pazenera, amene amakumbukira kukazonda mnzathu akagonekedwa m'chipatala. Ndimaona, mtima n'kundiwawa, kenako n'kumapita kwathu. Dengu la Achemwali linkandipsetsa mtima kwambiri, moti zanga ndinkazilowetsa pansi penipeni kuti zisaonjezere mulu poonekera.

Alamu, amuna awo, anali munthu wabwino koma wosadziwa kumene kumakhala masupuni m'nyumba yawo yomwe. Atamwalira anasiya njinga yakuda, yolemera ngati chitseko chachitsulo, imene ankapitira kuntchito. Tonse tinkayesa aigulitsa. Tsiku lina ndinawapeza Achemwali ataigadamitsa pabwalo, matayala ali m'mwamba, akudonthezera mafuta a makina osokera patcheni.

"Mukukonzera ndani?" ndinafunsa.

"Mwini wake ndi amene akuikonzayu," anatero osadzutsa mutu.

Anayamba ndi kupita kumsika. Kenako kumsika wakutali, kumene tomato wake ndi yemweyo. Achemwali atapuma pantchito, wokonza njinga wa pakona anawauza za njira ya njanji yakale. Zitsulo anazizula kalekale, panangotsala kamsewu ka timiyala, kopanda magalimoto, kodutsa m'minda, m'nkhalango ndi pa milatho yopapatiza mpaka kutali kumene ife sitinafikeko. Anthu amayendamo pa njinga masabata athunthu atamanga katundu kumbuyo, n'kumagona m'matenti pa masiteshoni akale pomwe pali mpopi wa madzi. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa funso limodzi lokha, lakuti tenti imasokedwa bwanji.

Anaisoka okha ndi nsalu yosalowa madzi. Ataimaliza anaikhoma pabwalo kuti aiyese, ndipo banja lonse linasonkhana kudzaseka. Inali yotalika ngati munthu atagona, koma m'lifupi mwake munali mokwana mapewa a Achemwali basi. Achimwene, amene anabadwa pakati pa ife awiri, anagwada n'kusuzumiramo.

"Koma Achemwali, nsalu inakutherani? Nanga mlendo agona pati muno?"

"Kwawo."

Zikwama ziwiri zopachika pakaliyala anasokanso okha. Kalongedzedwe kawo kanali aka: chinthu chilichonse ankachiika pachikhatho, kuchimva kulemera kwake, n'kudzifunsa kuti akuchinyamulira ndani. Chikakhala cha wina, chinkatsala. Motero munalowa kapu imodzi, supuni imodzi, kapoto kamodzi, kambaula ka gasi, pampu, zigamba za chubu ndi guluu wake. Awa ndi mayi amene moyo wawo wonse anali asanaphikepo tiyi wa munthu mmodzi. Anthu analankhula. Ena ankati ndi chisoni cha maliro, ena ankaloza kumutu. Ine ndinkawaikira kumbuyo mwamphamvu, chamumtima.

Maulendo oyamba anali aafupi. Ankabwerako atada ndi dzuwa, milomo itang'ambika, akumwetulira zinthu zimene sankatiuza, n'kupeza dengu litadzaza ngati kale. Koma mtima wawo unali pa ulendo waukulu, woyenda njira yonse ya njanjiyo mpaka pothera. Anaukonzekera chaka chathunthu. Mawondo anali atayamba kuvuta, ndipo dokotala anawauza m'mawu ataliatali zimene iwo ankadziwa kale, kuti chilimwe chimenechi chikadutsa, china cha ulendo wotero sichidzakhalapo. Mvula itasiya, ananyamuka. Foni ankaizimitsa, n'kumaiyatsa madzulo kuti anditumizire timawu tochepa tonena pamene afika ndi pamene agone mawa. Ankatumizira ine ndekha, poti ndine wosaulula.

Ali m'njira choncho, mwana wamkazi wa Achimwene anasuntha tsiku la ukwati wake n'kulibweretsa pafupi, ati holo yapezeka. Madiresi a atsikana operekeza mkwatibwi anali asanasokedwe. Panalibe amene anawafunsapo Achemwali ngati adzasoke. Munthu safunsa mpopi ngati utuluke madzi. Nsalu inali itagulidwa kale, yoterera, yonyezimira, ndipo Achimwene anabwera nayo kwathu m'thumba lalikulu lapulasitiki, akazi awo ali pambuyo.

"Chetechete, iwe ndiye amakumvera," anayamba motero Achimwene.

"Amandimvera chifukwa sindinena kanthu."

"Ndiye ukanene. Chibale ndi fupa, sichiola. Njanjiyo ithawa? Abwere, asoke, akapitirize chaka chamawa."

"Atelala atha m'tauni muno?" Ndinalankhula motsitsa, moti mwina anamva ndi mpando wokha.

Mlamu, akazi a Achimwene aja, anamva. "Atelala? Nsalu imeneyi? Aiononga amenewo. Komanso mwanayu ndi wawo yemwe. Adzamva bwanji azakhali ake akadziwa kuti tinapereka kwa anthu akunja? Angakhumudwe, mlamu."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka. Ndinawakonza kwa zaka zambiri, posamba ndi potsuka mbale, ndipo ena mwa iwo anali akuthwa ndithu. Ndinatsegula pakamwa, n'kufunsa ngati tiyi amwa wamkaka. Potsanzika anasiya thumba lija pampando.

Ndinaganiza zopita, koma osati kukawatenga. Ndinadziuza kuti ndikukawachenjeza, ndikawalimbitse mtima kuti asabwerere ngakhale foni ilire chotani. Nsaluyo ndinaitenga, poti sindikanaisiya pampando kuti ichite fumbi. Tepi yoyezera inalowa yokha m'chikwama. Ndinabwereka njinga ya aneba, ndipo ndinalongedza ngati ndikukadikirira wodwala kuchipatala: fulasiki, makapu okwana aliyense amene angapezeke, mabulangeti awiri, beseni, kansalu ka patebulo ndi katsache. Nditamanga zonsezi pakaliyala, katunduyo anatalika kuposa chishalo. Kondakitala wa basi anandifunsa ngati banja latha.

Basi inanditsitsa pa kamsika kena pamene njira ya njanji imadutsa msewu waukulu. Kuchokera pamenepo ndinayenera kupalasa mpaka siteshoni imene Achemwali anati agonapo. Njinga ndinali nditaisiya ndili pasukulu. Anthu amati kupalasa sikuiwalika, ndipo n'zoona, miyendo inakumbukira. Chimene chinaiwala ndi pokhalira. Njira ya njanji ndi yachinyengo. M'maso imaoneka yosalala, koma imakwera pang'onopang'ono osakuuza, mpaka umayamba kukayikira matayala. Ndinagwa kamodzi, kugwa kwaulemu, kopendekeka pang'onopang'ono, moti ndinapeza nthawi yosankha udzu wofewa. Anthu awiri apanjinga zopepuka anandipitirira, n'kuyang'ana beseni langa, n'kundipatsa moni wachisoni. Mbali yaikulu ya njirayo njinga ndinaiperekeza wapansi.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Siteshoniyo inali nyumba ya njerwa yopanda mazenera, yokhala ndi khonde lalitali ndi mpopi pambali pake. Pansi pa mitengo panali matenti angapo, ndipo yopapatiza ija ndinaizindikira ndili patali. Achemwali anali atakhala m'mphepete mwa khonde, miyendo ili lende, nsapato atavula, manja ali pamiyendo opanda kanthu. Ndinali ndisanawaonepo atakhala manja ali chabe. Ndinayesa akudwala.

Atandiona anaimirira mofulumira. "Ndani wamwalira?"

"Palibe."

Anayang'ana katundu wanga kuyambira pansi mpaka pamwamba. "Ndiye wasamuka?"

"Ndangobwera kudzakuonani."

"Wandiona. Khala pansi usanagwe."

Sindinakhale. Ndinamasula katundu, kuyala kansalu kanga pakhondepo, kundandalika makapu monyadira, kenako ndinatenga katsache n'kuyamba kusesa masamba kuzungulira tenti yawo.

"Ukusesa tchire, Chetechete?"

"Pali zinyalala."

"Ndi kwawo kuno zinyalalazo. Mlendo ndiwe."

Tili pa tiyi, kunabwera bambo wina wandevu zambiri, mwini wa tenti yobiriwira. Anali atanyamula chikwama chake chapanjinga chitang'ambika msoko wonse wa m'mbali.

"Pepani amayi, mungakhale ndi singano?"

Achemwali anapisa m'chikwama chawo, n'kutulutsa singano yaikulu ndi ulusi wolimba, n'kumupatsa. Kenako anatenganso kapu yawo n'kupitiriza kumwa. Bamboyo anadikira pang'ono, monga amadikirira anthu oterewa. Ataona kuti palibe chikuchitika, anakhala pansi n'kuyamba kulimbana ndi diso la singano. Ulusi utalowa, anayamba kubaya nsaluyo motalikitsa, apa ndi apo, misoko yoti mbewa n'kudutsapo. Ndinayang'ana kumbali. Ndinayang'ana mitengo. Ndinadzikumbutsa kuti ndine munthu wodziwa mmene akazi amagwiritsidwira ntchito yaulere.

"Bweretsani kuno," ndinamva pakamwa panga pakutero.

Ndinasoka chikwamacho iye akundifotokozera za zitunda zimene anakwera, ndipo atamaliza za zitunda anayamba za matayala. Achemwali anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Wafika liti iwe, ntchito n'kukupeza kale?"

Bamboyo atapita kunayamba kuzizira, ndipo ndinakoka bulangeti pa mulu wa katundu wanga. Thumba lapulasitiki lija linabwera nalo limodzi, n'kugwa chozondoka. Nsalu inatuluka ngati madzi, n'kuyenderera pakhondepo mpaka pamapazi a Achemwali.

Anapukuta manja pasiketi, n'kuitola. Anaitikita pakati pa zala, kuiunika kudzuwa, kuikoka pang'ono cham'mbali.

"Ya mwana wa achimwene ako?"

Ndinagwedeza mutu.

"Asuntha tsiku?"

Ndinawauza tsiku lake.

"Atsikana angati?"

"Asanu."

Manja awo anali atayamba kale. Anagwira nsonga ya nsalu pamphuno, kutambasula mkono, kupinda, kutambasulanso. Milomo inkayenda popanda mawu.

"Anagula yochepa. Ikwana pokhapokha wodulayo akhale wosamala. Nsalu yoterera chonchi imafuna singano yaing'ono, ndipo telala wopupuluma aikoka, misoko yonse ichite makwinya. Mwanayo adzalira." Anayang'ana tenti yawo, kenako njira imene ndinadzera. "Basi ya m'mawa imadutsa nthawi yanji pamsika paja?"

Mapewa awo anali atawerama. Anali mapewa a pakhonde la kuseri, a pamakina, amene ndinawadziwa moyo wanga wonse, ndipo ndi pamenepo pamene ndinazindikira kuti chifikireni anali asanawerame. Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama. Ananama. Ine ntchito imene Achimwene anandituma ndinali nditaimaliza osanena liwu ndi limodzi lomwe.

Mawu anga akuthwa aja ndinawafufuza, osawapeza. Ndiye ndinangogwira nsaluyo n'kukoka. Achemwali anakokanso. Tinakokerana ngati ana olimbirana chidole, azimayi awiri a imvi, anthu a m'matenti akutiyang'ana. Mwayi wanga unali woti nsaluyo ndi yoterera. Inapulumuka m'manja mwawo, ndipo ndinaikwinyakwinya, kuiika pansi, n'kukhalapo.

"Dzuka iwe, uikwinya!"

"Ikwinyike."

"Mwanayo ndi wathu."

"Ndi wathu. Akwatiwa ndithu, ngakhale operekezawo atavala matumba."

"Nanga unaibweretseranji?"

Funso limeneli linali labwino.

"Ndimati ione njanji," ndinatero.

Sanaseke. Anakwiya zenizeni, mkwiyo umene ndinali ndisanauonepo ukulunjika kwa ine.

"Ukudziwa chimene wachita? Ndikanapanda kuiona, bwenzi ndilibe nayo ntchito. Tsopano ndaigwira. Ndiziyenda ndikuidula m'mutu njira yonse. Pamlatho ndizidula manja, pachitunda ndiziika zipi. Ukanangokhala kwanu n'kukhala chete, monga umachitira bwino."

"Pepani."

"Pepani sachotsa nsalu m'mutu. Dzuka, ndiione bwino mwina ikwana."

"Sindidzuka."

Ndipo sindinadzuke. Tiyi anazizira ndili pomwepo. Bambo wandevu anabwera kudzabweza singano, anatiyang'ana, n'kuisiya pansi mwakachetechete ngati wafika pamaliro. Achemwali analowa mu tenti yawo osanditsanzika, ndipo poti mlendo agona kwawo, ine ndinagona pakhonde la siteshoni m'mabulangeti anga awiri, nsalu ya ukwati nditaitsamira.

M'mawa ndinadzuka thupi lonse likundiwerengera milandu. Achemwali anali atazula kale zikhomo za tenti. Anaikutumula mame, kuipinda, kuikulunga molimba n'kuimanga pakaliyala. Anatsuka kapu yawo pampopi. Anapopa tayala lakumbuyo, kulitsina ndi chala, kupopanso pang'ono. Zonsezi osandilankhula. Ine ndinangokhala, thumba ndalikumbatira pachifuwa, ndikuyang'ana kumene alozetse njingayo.

Anaikankha mpaka pakati pa kanjira ka timiyala, n'kuima. Kumanzere kunali kumene ndinachokera, kumsika ndi kubasi. Kumanja njira inkalowa m'mitengo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, akusisita bondo.

"Ukawauze asaisite ndi simbi yotentha," anatero. "Ipsa."

"Sindikawauza."

"Ndipo wodulayo atsate mmene ulusi wa nsalu ukuyendera, apo ayi diresi lizidzapotoka."

"Achemwali, kwerani."

"Mwa operekezawo, wamng'ono uja ali ndi phewa lina lotsika. Telala wosamudziwa sangaone zimenezo."

"Kwerani, dzuwa likukwera."

Anandiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo. Kenako anatembenuzira chiwongolero kumanja, kuponda, n'kukwera. Poyamba bondo linkakana, njinga n'kumapita uku ndi uku, koma posakhalitsa inawongoka. Atatsala pang'ono kulowa m'mitengo anakuwa osacheuka.

"Mkati mufunika nsalu ina! Imeneyo imaonekera!"

Ulendo wobwerera unali wotsetsereka, ndipo ndinaphunzira kuti mabuleki a njinga ya aneba ndi okongoletsa chabe. Ndinafika kwathu wamoyo. Madzulo ake ndinapita kwa Achimwene, ndinakana mpando, ndinakana tiyi, n'kuika thumba lija patebulo.

"Ndawapeza. Ali bwino. Sabwera."

Ndinadzimva wamtali. Achimwene anakanda mutu. Mlamu anatulutsa nsaluyo, kuona makwinya ake, n'kuusa moyo.

"Ndiye titani tsopano?" anafunsa Achimwene.

Anayang'anizana ndi akazi awo. Kenako onse awiri, pang'onopang'ono, anatembenukira kwa ine.

"Paja iwe, Chetechete, kusukulu unaphunzirako zosokasoka?"

Pamenepo m'pamene ndinayenera kutchulanso za atelala a m'tauni, mokweza. Koma ndinali nditanena kale ziganizo zitatu zathunthu madzulo amenewo, ndipo mphamvu zinali zitatha. Ndinangoti nsaluyo isasitidwe ndi simbi yotentha. Iwo anamva ngati ndavomera. Mawa lake makina a Achemwali anafika kwathu pa wilibala, Achimwene akukankha okha, thukuta lili kamukamu, akuuza aliyense m'njira kuti ukwati ndi ntchito yolemetsa.

Ndinasoka poweruka ku ofesi, tsiku ndi tsiku, kusoka ndi kusomola. Nsalu inachepa monga ananenera. Misoko inachita makwinya monga ananenera. Pa zithunzi za ukwatiwo atsikana onse agwirira maluwa m'munsi, pamene pali vuto, ndipo wamng'ono uja waima chammbali. Mkwatibwi analira pang'ono, kenako anaiwala, n'kuvina mpaka nsapato kumuthina.

Uthenga wa Achemwali umene ndinkaudikira unafika ukwati usanachitike, ndili pamakina, mapini ali kukamwa.

"Ndafika. Kuno kulibe chilichonse, njira yangothera pa mulu wa miyala ndi mtengo umodzi. Mawondo akulira. Ndikhala kaye."

Ndinauwerenga kawiri, n'kulavula mapini m'manja kuti ndiseke bwino. Ndinafuna kuwafunsa mmene amalowetsera mkono wa diresi osachita mafinya paphewa, ndipo funsolo ndinalilemba mpaka kumapeto. Kenako ndinalifufuta, n'kungolemba kuti kuno zonse zili bwino. Mkonowo ndinaulowetsa ndekha, chagada.